Kutentha komwe timataya padenga la supamaketi: kungaumitse mpweya wa mkati?

Wa ku Durban
Akuluakulu ndi achemwali a pagulu pano, mwaswera bwanji. Pali nkhani yomwe yakhala ikundizungulira m'mutu kuyambira Januwale, ndiye ndati ndiitule pano.

Pali supamaketi ina yomwe timaisamalira kuno, ili kufupi ndi nyanja. Amene munakhalako ku Durban mu Januwale ndi Febuluwale mukudziwa momwe mpweya umakhalira: malaya amamatirira pamsana usanagwire n'komwe sipanala. Mafiriji a mkaka, yogati ndi masoseji m'sitolomo ndi opanda zitseko. Makoyilo ake akugwira ayisi mofulumira moti defrost, kusungunula ayisi kuja, tinachita kuiwonjezera, m'malo mwa ka 4 pa tsiku tsopano ndi ka 6. Magalasi a mafiriza akuchita nkhungu, wogula saona nkhuku ili mkati, ndiye amatsegula chitseko n'kumasankha chili chitsegulire. Pansi pamangonyowa, mayi wokolopa sachoka pamenepo ndi mopu yake.

Lachitatu ndinakwera padenga kukatsuka makondensa, omwe amataya kutentha kwa mafiriji kunja. Nditaima pafupi ndi mafani, mphepo yotentha inandiwomba kumaso ngati ndayandikira uvuni wa njerwa. Nditatsika ndinagunditsa thermometer pa paipi ya discharge, yotulukira gasi mu kompuresa: madigiri 82. Pansi tikulimbana ndi chinyezi, pamwamba tikutaya kutentha usana ndi usiku, ndipo mwini sitolo akulipirira magetsi zonse ziwiri. Ndinamvapo kuti kutentha kumeneku kungayendetse makina a desiccant oumitsa mpweya. Alipo pano amene anaigwirapo ntchito yotere ndi manja awo? Ndikufuna ndimvetse ndisanapite nazo kwa abwana.

Wophunzira wa ku Mangochi
Pepani akuluakulu, ine ndidakali chaka chachiwiri. Desiccant n'chiyani? Komanso kutentha kungaumitse bwanji mpweya, poti ife tinaphunzira kuti madzi a mumpweya timawachotsa pouziziritsa?

Mphunzitsi
Wafunsa bwino mwana wanga, usamachite manyazi. Unagulapo nsapato zatsopano kapena botolo la mankhwala n'kupezamo kapaketi kakang'ono ka timibulu toyera? Ameneyo ndi silica gel, ndipo ndiye desiccant yemwe tikunena. Amakoka nthunzi ya madzi kuchokera mumpweya n'kuisunga m'timabowo take. Mchere umachitanso zofananirako. M'dzinja mchere wa m'mbale umanyowa wokha popanda wouthira madzi, amayi ako n'kuuika pafupi ndi moto kuti uume. Ukauma uli wokonzeka kukokanso chinyezi.

Makinawo amachita zomwezo koma mosalekeza. Pali gudumu lalikulu lokhala ndi timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi, topakidwa silica gel. Kamota kakang'ono kamalizunguza ndi lamba pang'onopang'ono, maulendo ochepa chabe pa ola, moti ukaliyang'ana umachita kudikira kuti uone kuti likuyenda. Mbali imodzi mumadutsa mpweya wopita m'sitolo, n'kusiya madzi ake m'gudumu. Mbali inayo mumadutsa mpweya wotentha womwe umatenga madziwo n'kukawataya kunja. Luso la gudumuli linachokera ku Sweden, kwa Carl Munters, m'zaka za m'ma 1950, ndipo kampani ya Munters ikupangabe makinawa mpaka lero. Ku America masupamaketi anayamba kuwagwiritsa ntchito m'ma 1980, koma poumitsa gudumu ankawotcha gasi. Chimene mnzathu wa ku Durban akufunsa n'chakuti: m'malo mogula gasi, bwanji osatenga kutentha kwa makompuresa?

Madala a ku Ndirande
Achimwene a ku Durban, maganizo anuwo ndi abwino, koma musatengeke ndi 82 wa pa thermometer uja. Ntchitoyi ndakhala nayo zaka zambiri ndipo pamenepa ndi pomwe ambiri amagwera. Gasi wa m'mafiriji akamatuluka mu kompuresa amakhaladi wotentha kwambiri, koma kutentha kwapamwambako n'kochepa. Mukangomuziziritsa pang'ono amatsika msanga mpaka pomwe amayambira kusanduka madzi, pa madigiri 40 kapena 45. Kutentha kochuluka, komwe kunakuwombani kumaso padenga paja, kumatuluka pamenepo. Kwapamwamba kuja, kwa superheat, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo 5 a konse. Kotsalako n'kofunda chabe, ngati madzi osambitsira mwana.

Ndiye anthu amati tikweze head pressure, pressure ya gasi wotuluka mu kompuresa, kuti kutentha kukwere. Ndinaziona ndi maso anga pa malo ena ogona alendo komwe ankafuna madzi otentha aulere kuchokera ku cold room. Amene anaika makinawo anakweza pressure, madzi n'kumatenthadi, aliyense n'kusangalala. Bilu ya magetsi itabwera, mwini malo anandiitana ine. Kompuresa inkalira tsiku lonse, mafuta ake atada bii. Digiri iliyonse yomwe mwawonjezera pa condensing, pomwe gasi amasandukira madzi paja, kompuresa imadya magetsi owonjezera pafupifupi 2 kapena 3 peresenti. Kutentha koteroko si kwaulerenso, mwakugula.

Wa ku Durban
Ndamva madala. Ndiye mukuti ndingozisiya?

Madala a ku Ndirande
Ayi, sindinatero. Ndati mudziwe kuti muli ndi kutentha kochuluka bwanji, ndipo kwa madigiri angati. Aphunzitsi atiwerengere, masamu ndi awo.

Mphunzitsi
Tiyeni tiwerenge pamodzi, aliyense atenge pepala.

Tsiku la chinyezi ku Durban, tinene madigiri 30 ndi chinyezi cha 70 peresenti, kilogalamu imodzi ya mpweya imanyamula madzi pafupifupi magalamu 19. Mafiriji a m'sitolo amayesedwa kufakitale pa mpweya wa madigiri 24 ndi 55 peresenti malinga ndi ASHRAE, bungwe la mainjiniya a zoziziritsa la ku America, kapena madigiri 25 ndi 60 peresenti pa muyezo wa maiko onse wa ISO 23953. Pa 24 ndi 55 mpweya umakhala ndi magalamu 10 ndi pang'ono. Kusiyana kwake ndi magalamu pafupifupi 8.5. Ngati m'sitolo mukulowa mpweya wakunja wokwana cubic metre imodzi pa sekondi, madzi olowa nawo opitirira muyezo ndi malita pafupifupi 36 pa ola. Ndowa ziwiri za malita 20, ola lililonse. Madzi amenewo sasowa okha, amakatera penapake pozizira.

Kuti lita imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika pafupifupi 0.7 kWh. Choncho kuchotsa malita 36 m'gudumu kumafuna kutentha kosachepera 25 kW, ndipo pa ntchito yeniyeni kumaposa pamenepo chifukwa gudumulo nalo limatentha n'kunyamula kutentha kwina kupita nako mbali inayo.

Tsopano nkhani ya madigiri yomwe madala anena. Gudumu silingaumitse mpweya kuposa momwe mpweya woliumitsa ulili wouma. Tengani mpweya wakunja womwewo wa 30 ndi 70 peresenti. Mukautenthetsa kufika pa 45, chinyezi chake chimatsika kufika pa 31 peresenti. Pa 60 chimafika pa 15 peresenti. Pa 80 chimafika pa 6. Pa 120, pomwe amafika makina owotcha gasi aja, chimatsala chosakwana 2 peresenti. Mukuona kusiyana kwake. Ndi madigiri 45 gudumu limauma mwa apo ndi apo, ngati chovala choyanika m'nyumba tsiku la mvula.

Wophunzira wa ku Mangochi
Ndiye kutentha kwa madigiri 45 kulibe ntchito, aphunzitsi?

Mphunzitsi
Kuli nayo, ukadziwa poika gudumu. Silica gel amamwa madzi ambiri mpweya ukakhala wozizira komanso wodzadza chinyezi. Ndiye umayamba wadutsitsa mpweya pa koyilo yoziziritsa, madzi ambiri n'kudontha pamenepo monga unaphunzirira. Mpweya wotuluka pa koyilo, tinene pa madigiri 13, umakhala pafupifupi wokhuta chinyezi, 95 peresenti. Ukaulowetsa m'gudumu uli choncho, ngakhale gudumu loumitsidwa pa 45 kapena 50 limaulanda madzi ena ndithu, chifukwa kuchoka pa 95 kufika pa 31 mpata ndi waukulu. Makina a Munters otchedwa DryCool amayenda mwa njira imeneyi, amaumitsa gudumu ndi kutentha kwa kondensa yawo yomwe. Ubwino wina, mpweya ukamasiya madzi m'gudumu umafundako, ndiye sufunika hita yoti iufunditsenso usanalowe m'sitolo.

Chemwali wa ku Leeds
Ndabwera mochedwa, ndinali pa shifiti. Ndawerenga zonse ndipo pali chinthu chimodzi chomwe sichinatchulidwe, chomwe kwa ine ndiye phata la vutoli. Supamaketi si ofesi. Mafiriji opanda zitseko amatayira mpweya wozizira m'tinjira ta m'sitolo tsiku lonse. Thermostat ya air con imamva kuzizirako n'kuganiza kuti ntchito yatha, kompuresa yake n'kuzima. Ikazima, palibenso chochotsa chinyezi. Sitolo imakhala yozizira koma yonyowa, ngati Mulanje m'mawa wa chiperoni. Ndiye madzi aja aphunzitsi awerenga amapita kuti? Ku makoyilo a mafiriji. Koyilo ya mkaka imayenda pa madigiri 8 kapena 10 pansi pa ziro, ya firiza pa 30 pansi pa ziro kapena kupitirira. Kuchotsa madzi mumpweya ndi makina ozizira chotero ndiyo njira yodula kuposa zonse. Mumalipira powaumitsa kukhala ayisi, mumalipira powasungunula pa defrost, n'kulipiranso pochotsa kutentha komwe hita ya defrost yasiya mkati. Onjezanipo mahita a m'mafelemu a zitseko oletsa thukuta, omwe m'masitolo ambiri amangoyaka osazima.

N'chifukwa chake desiccant imagwirizana ndi supamaketi kuposa nyumba zina: imachotsa madzi popanda kuziziritsa sitolo yomwe ili kale yozizira. Mpweya wofunda wotuluka m'gudumu mungaulozetse m'kanjira ka mkaka komwe ogula amadutsa atakumbatira manja.

Kuno ku England kutentha kwa mafiriji timakugwiritsa ntchito kwambiri pofunditsa sitolo ndi kutenthetsa madzi, chifukwa vuto lathu ndi chisanu, osati chinyezi. Koma makina ambiri atsopano omwe ndimawagwira ndi a CO2, R744, ndipo kumeneko nkhani ya madala imasintha. CO2 akadutsa madigiri 31 ndi pressure ya 74 bar sasandukanso madzi mu kondensa, amangozizira pang'onopang'ono ali gasi. Amatuluka mu kompuresa pa madigiri 100 kapena kuposa, ndipo kutentha kwake kumatuluka pa masitepe onse kutsika pansi, osati kungounjikana pa 40. Gawo lalikulu ndithu mungalitenge lili pa 60, 70, 80. Ndipo tsiku lotentha ndi la chinyezi, lomwe gudumu likufuna kutentha kwambiri, ndi tsiku lomwenso makinawo amatulutsa kochuluka. Achimwene a ku Durban, rack yanuyo, gulu la makompuresa anuwo, ili ndi gasi wanji?

Wa ku Durban
R404A, achemwali. Ndi yakale ndithu. Masitolo ena kuno, monga a Woolworths, anayamba kale kuika CO2, koma iyi ayi.

Chemwali wa ku Leeds
Ndiye funsani kaye kuti rack imeneyo yatsala ndi zaka zingati. R404A ali ndi GWP ya 3922, kutanthauza kuti amatenthetsa dziko kuposa CO2 maulendo 3922, ndipo kuyambira pomwe maiko anagwirizana ku Kigali mu 2016 kuti magasi a HFC, gulu lomwe muli R404A, achepetsedwe, tsogolo lake ndi lalifupi. Ngati mwini sitolo adzasintha makina posachedwa, heat reclaim, kukolola kutentha kotayikako, ilowe m'pulani ya makina atsopanowo, osati kuwotcherera mapaipi pa akale.

Madala a ku Ndirande
CO2 njabwino kwa inu komwe magetsi sazima, mwana wanga. Kuno magetsi akazima maola angapo, gasi mu receiver, thanki yosungira gasi, amafunda, pressure n'kukwera, relief valve n'kutsegula, gasi yense fuu kunja. Pamafunika kamakina kena kakang'ono pa jenereta koziziritsa receiver. Ndipo kotentha ngati Chikwawa ndi Nsanje CO2 amadya magetsi ambiri pokhapokha muonjezere zipangizo zina zothandizira, parallel compressor kapena ejector. Nanga valavu ikafa muitenga kuti, ndi vuto la forex lili panoli? Sindikutsutsa, ndikungoti dziko ndi dziko.

Chemwali wa ku Leeds
Zoona madala, sindikukana. Ndimayankha za ku Durban.

Woyang'anira sitolo ku Lilongwe
Ine si mmisiri, ndimangoyang'anira sitolo, koma ndimawerenga pano kuti amisiri akamandiuza zinthu ndizimva. Mafunso anga ndi awiri. Kwathu mafiriji ambiri ndi oti iliyonse ili ndi kompuresa yakeyake pansi, timangoilumikiza ku soketi. Kodi zomwe mukunenazi zingatheke? Chachiwiri, mpweya ukauma kwambiri masamba anga sadzafota? Rape ndi chinese zimafika m'mawa zili bwinobwino, ndikazisiya pa shelefu yotsegula pofika masana zawerama kale. Tomato ndi nyama timagulitsa pa sikelo, zikauma ndi ndalama zomwe zapita.

Mphunzitsi
Mayi, mafunso anu onse ndi a nzeru. Loyambalo yankho lake ndi ayi. Mafiriji a pa soketi amatayira kutentha kwawo m'sitolo momwemo, iliyonse pakona pake, palibe paipi imodzi yoti n'kukutolerapo. Njirayi imafuna makompuresa okhala pamodzi m'chipinda chimodzi. Ku Malawi masitolo otere alipo koma ndi ochepa, akuluakulu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu.

Lachiwirilo, nkhawa yanu ndi yoona. Cholinga si kuumitsa sitolo ngati chipululu. Ambiri amalinga pa 40 mpaka 50 peresenti, ndipo mpweya woumawo amautulutsira kumbali ya mafiriji ndi mafiriza, osati pamwamba pa masamba. Komanso ganizirani nyengo yathu. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, ndipo chinyezi chovuta ndi cha dzinja, Disembala mpaka Malichi kapena Epulo. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala gudumu likanangokhala osagwira ntchito. Makina odula ogwira miyezi 4 kapena 5 pa chaka amachedwa kubweza ndalama. Kunyanja, ku Salima, Nkhotakota kapena Mangochi, nkhani ingakhale ina. Kwa inu, mukanakhala ndi rack, ndikanati kutenthako kupite ku madzi otsukira mu butchala ndi mu bekale. Amenewo amafunika chaka chonse ndipo kachipangizo kake n'kotchipa.

Woyang'anira sitolo ku Lilongwe
Zikomo aphunzitsi. Giza yathu ya mu butchala imadyadi magetsi, izi ndiziika m'buku.

Madala a ku Ndirande
Ndionjezere chimodzi cha fumbi. Timabowo ta gudumu ndi tating'ono kwambiri. Fumbi la mu Seputembala likalowa, kapena utsi wa mafuta okazingira tchipisi, timatseka ndipo silica gel samwanso madzi. Mafyuluta ayenera kusinthidwa pa nthawi yake. Ndinakapeza makina ena oumitsa mpweya pa fakitale ina, lamba atadukira mkati, gudumu lili chiimire, mafani okha akulira. Anthu ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku akumva phokoso n'kumati zikuyenda. Mukaika, ikani sensa yolira gudumu likaima.

Wa ku Durban
Akuluakulu, ndabwereranso patatha masiku 5. Mawu a achemwali a ku Leeds aja, oti sitolo yozizira koma yonyowa, anandikhala pamtima. Ndinapachika ma logger awiri, tizipangizo tolemba kutentha ndi chinyezi, wina pa kanjira ka mkaka, wina pafupi ndi matilu. Masana chinyezi chikumafika 68 peresenti pa madigiri 22. Ndinakaonanso air con: kompuresa yake ikumayaka mphindi zochepa n'kuzima, ndendende momwe munanenera.

Koma chomwe chinandidabwitsa ndi ichi. Ndinatenga kapepala ka tishu n'kuima pa khomo lakumbuyo lolandirira katundu. Kapepalako kanaweramira mkati n'kukhala choncho ngati mbendera. Ku khomo lakutsogolo chimodzimodzi. Nditafufuza ndinapeza kuti mafani a mu bekale ndi pokazingira nkhuku akutulutsa mpweya wambiri, pomwe fani yobwezera mpweya inafa kalekale, palibe anaikonza. Sitolo yonse ikuyamwa mpweya wa kunyanja kudzera m'makomo. Makatani a pulasitiki a pa khomo lakumbuyo anyamata anawamangirira m'mwamba ndi chingwe kuti asamawavute pokankha matrole. Ndipo makatani ausiku a mafiriji, theka lake ndi ong'ambika.

Ndinawerengeranso rack. Pa tsiku lotentha ikutaya pafupifupi 210 kW padenga. Ndikatenga gawo limodzi mwa 5 monga ananenera madala, ndi 40 kW ndi pang'ono, osakhudza head pressure.

Mphunzitsi
Wachita bwino kwambiri kuyeza. 40 kW imeneyo ingakwanire mpweya wakunja woyezedwa, wolowa pa njira imodzi kudzera m'gudumu. Singakwanire nyanja yonse yolowera pa khomo. Konza fani, masula makatani, sitolo ikhale ndi pressure yokankhira kunja pang'ono, kenako uyezenso sabata ziwiri. Nambala yomwe udzapeze pamenepo ndiyo yosankhira kukula kwa makina. Ukagula lero udzagula aakulu kuposa ofunika.

Chemwali wa ku Leeds
Ndipo mukamapita kwa abwana, tengani mtengo wa zitseko za mafiriji a mkaka pamodzi ndi wa gudumu. Katundu wamkulu pa firiji yotsegula ndi mpweya wa m'sitolo wolowa kutsogolo. Mukaika zitseko ayisi amachepa kwambiri. Koma dziwani kuti makompuresa akapepukidwa, kutentha kwa padenga nakonso kumachepa, 210 kW uja adzatsika. Kanjira kozizira kaja kadzafunda, air con n'kuyamba kuyaka nthawi yaitali n'kumachotsa madzi yokha. Zonsezi n'zolumikizana, muwerengere pamodzi. Mahita a m'zitseko za mafiriza muwaikire controller ya dew point, yowayatsa malinga ndi chinyezi cha m'sitolo, apo ayi mpweya udzauma koma iwo adzayakabe ndipo phindu lina lidzathera pomwepo.

Wa ku Durban
Ndalemba zonse. Fani tikuikonza Lolemba. Funso lomaliza kwa madala: zikadzafika poika, gasi wotentha ndimupititse yekha ku koyilo ya padenga ndi three-way valve, kapena ndidutsire m'madzi?

Madala a ku Ndirande
Dutsirani m'madzi, achimwene. Ikani plate heat exchanger, yosamutsira kutentha kwa gasi m'madzi, pa discharge, pambuyo pa oil separator, pafupi ndi rack pomwepo, ndi bypass yake. Kuchokera pamenepo pampu yaing'ono ikankhe madzi otentha kupita ku koyilo ya gudumu. Mudzataya madigiri angapo pa exchanger, koma gasi sachoka m'chipinda cha makina. Mukamuyendetsa yekha mpaka padenga, mapaipi atalika, gasi wothira achuluka, mfundo zowotcherera zichuluka, ndipo valavu ikatseka gasi amagona m'koyilo n'kusanduka madzi, receiver n'kutsika, inu n'kumafunafuna podontha pomwe palibe. Ngati abwana akakamira njira imeneyo, musaiwale check valve ndi paipi yokokera gasi wotsalayo kubwerera ku suction, kolowera gasi mu kompuresa. Exchanger musankhe yosatsamwitsa gasi, pressure drop ikhale yochepa, ndipo muike ma gauge mbali zonse ziwiri. Mukayeza sabata ziwiri zija mutitumizire manambala a ma logger, ausiku omwe.

Wophunzira wa ku Mangochi
Inenso ndikufuna ndidzawaone. Mawa ndikayesa za tishu zija pa khomo la cold room ya nsomba komwe ndikuphunzirira ntchito.